Katundu Wosawola: Mbiri ya Lamulo la Mfuti Zankhondo Kwathu Kuno

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo mutu womwe ndasankha ena mudabwa nawo kuti mayi wa geni wautola kuti. Ndikufuna tikambe za mfuti zankhondo, makamaka za lamulo loletsa munthu wamba kukhala nazo komanso kuzinyamula kuchoka pena kupita pena. Musathawe poganiza kuti ndi nkhani ya asilikali ndi maloya okha. Aliyense amene amakwera basi yausiku ndi mpamba m'chiuno, kapena amene amagona m'golosale kulondera katundu wake, nkhaniyi ndi yake.

Ife a pamsika katundu timamugawa pawiri: wowola ndi wosawola. Tomato ukaoda Lolemba, pofika Lachisanu asanagulidwe ndiye kuti mpamba walowa m'madzi. Mfuti ili m'gulu linalo. Ikasungidwa pouma, patha zaka 20 kaya 30 koma imalirabe ngati yatsopano. Nkhondo imatha, atsogoleri amagwirana chanza, asilikali amabwerera kumudzi kukalima, koma mfuti imatsala yamoyo, ikudikira wogula. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa 130 maboma omwe alamulira dziko lino akhala akulimbana ndi funso lomweli: ndani aloledwe kugwira mfuti yamphamvu, ndipo idutse bwanji pamsewu ndi pamalire? Mukaiyang'ana bwino mbiriyi muona kuti kulemba lamulo sikudavutepo. Chomwe chakhala chikuvuta ndi chakuti lamulolo likugwira ndani ndipo likusiya ndani.

Tiyambe ndi nthawi ya makolo, m'zaka za m'ma 1800. Mfuti idalowa kuno ngati katundu wa malonda, pamutu pa amtengatenga, limodzi ndi nsalu, mikanda ndi wonga. Njira zake zidali zochokera kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa, ku Zanzibar ndi ku Quelimane. Pobwerera, amalondawo ankatenga minyanga ya njovu ndi anthu. Inde, anthu, abale athu. Mfumu yokhala ndi mfuti zambiri inkagwira akapolo ambiri, akapolowo n'kugulitsa, n'kugulanso mfuti zina. Ku Nkhotakota kudali Jumbe, yemwe ngalawa zake zinkaolotsa akapolo panyanja. Kummwera kwa nyanja kudali mafumu ngati Makanjira ndi Mponda. Ku Karonga kudali Mlozi, yemwe adamanga malinga pakati pa Angonde.

Mfuti zambiri za nthawiyo zidali zija timati gogodera. Umathira wonga kukamwa kwa mfuti, n'kuika chipolopolo, n'kusinja ndi kamtengo kapena kachitsulo, kenako n'kuomba kamodzi basi. Ukaphonya, uyambirenso kuthira wonga, mdani akubwera. Mvula ikanyowetsa wonga, mfutiyo yasanduka chibonga. Koma ku Ulaya adali atayamba kale kupanga mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo, zoomba patali komanso mofulumira, ndipo zina mwa izo zidayamba kufika kuno.

Apa ndi pomwe lamulo lolembedwa likuyambira. Pa 2 Julayi 1890, mayiko adasainirana pangano mumzinda wa Brussels ku Belgium. Padali Britain, France, Germany, Portugal ndi ena, kuphatikizapo Sultan wa ku Zanzibar. Cholinga chomwe adalemba chidali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo adati malondawo sangathe ngati mfuti zikungolowa mwachisawawa. Adajambula chigawo chachikulu cha Africa, kuyambira kuchipululu cha Sahara kutsika mpaka cha ku Limpopo, pafupi ndi Beitbridge pomwe ambiri timadutsa popita ku Joni. Dziko lathu lonse lidali m'kati mwa chigawocho.

Tamvani zomwe adagwirizana, chifukwa muzizindikira m'malamulo a lero. Mfuti iliyonse yolowa m'chigawochi inkayenera kukafikira m'nyumba yosungira katundu yoyang'aniridwa ndi boma, ndipo sinkatuluka popanda chilolezo. Mfuti zamakono zinkaletsedwa kugulitsidwa kwa anthu. Wololedwa kukhala nayo adali yekhayo amene boma lamukhulupirira kuti sakaipereka kapena kuigulitsa kwa wina, ndipo mfutiyo inkadindidwa chizindikiro n'kulembedwa m'kaundula. Zololedwa pamalonda zidali mfuti zachikale zokha ndi wonga wamba, nazonso osati m'madera momwe munkagwidwa akapolo. Mwaona? Kaundula, chidindo, chiphaso, nyumba yosungira: zonsezi zidayamba kalekale.

Sitingakane kuti pangano limeneli lidathandiza kufooketsa ogwira akapolo. Britain italengeza ulamuliro wake kuno mu 1891, Harry Johnston adabweretsa asilikali ochokera ku India, mizinga ndi sitima zankhondo panyanja, n'kumagonjetsa mafumu a malondawo mmodzimmodzi. Mlozi adagwidwa n'kupachikidwa mu Disembala 1895. Kwa Mngonde yemwe mudzi wake udatenthedwa, limenelo lidali tsiku lopumira m'mwamba. Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pamsonkhano wa ku Brussels padalibe Mchewa, Myao, Mtumbuka, Mngoni kapena Mlomwe ngakhale mmodzi. Munthu wodalirika pamaso pa boma lachitsamunda nthawi zambiri adali mzungu wa pa esiteti kapena wa kampani. Choncho lamulo lomwe lidalanda mfuti ogwira akapolo ndi lomwelonso lidaonetsetsa kuti mwini dziko asadzakhale ndi mphamvu yokana msonkho wa nyumba kapena thangata.

Umboni wake tikuupeza mu 1915. Nkhondo yaikulu yoyamba itayamba mu 1914, boma lomwelo lidapatsa anyamata akuda mfuti zamakono kuti akamenyane ndi Majeremani ku Karonga, ndipo John Chilembwe adalemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza. Pomwe iye ndi anthu ake adaukira usiku wa pa 23 Januwale 1915, ambiri adanyamula mikondo. N'chifukwa chake gulu lina lidayenda ulendo wochokera ku Mbombwe kupita ku Blantyre kukathyola mosungira zida mwa kampani ya African Lakes pa Mandala. Alonda adakuwa, ndipo gululo lidangotengako mfuti zochepa. Pofika pa 3 Febuluwale, Chilembwe adali ataphedwa. Wina atha kunena kuti lamulo lidagwira ntchito yake, poti oukira adasowa zida. Funso ndi lakuti, linkateteza ndani? Pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay, anthu osachepera 20 opanda mfuti m'manja adaomberedwa ndi asilikali a boma. Mfuti zomwe zidawapha zidali zovomerezeka, zolembedwa bwinobwino m'kaundula.

Titalandira ufulu mu 1964, dziko lidakhazikitsa lamulo lakelake la mfuti mu 1967, ndipo ndi lomwe mumalimva likutchulidwa m'makhoti. Mwachidule, limati munthu wamba sangangogula mfuti ngati wagula wailesi. Pamafunika chilolezo chochokera kupolisi, mfutiyo ilembedwe m'kaundula, mwini wake akhale ndi layisensi, ndipo kuilowetsa kapena kuitulutsa m'dziko kumafunanso chilolezo chakechake. Izi ndi za mfuti monga zosakira nyama kapena zolondera katundu. Ndiye pali gulu lina lomwe lamulo limalitcha zida zoletsedwa. M'gulu limeneli muli mfuti ija yoti ukakoka kachitsulo kowombera n'kugwirizira, zipolopolo zimangotuluka mpaka zithe. Imeneyo layisensi wamba siikhudza. Mukamva pawailesi kuti wina wamangidwa chifukwa chopezeka ndi chida choletsedwa, dziwani kuti sipafunika kuti akhale ataombera munthu. Kupezeka nacho kokhako ndi mlandu.

Lamuloli pa pepala lidali labwino ndithu. Koma nthawi yomweyo dziko lidali ndi gulu la Malawi Young Pioneers, apayoniya, lomwe lidayamba mu 1963. Poyamba nkhani idali yophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, ndipo ambiri adaphunziradi. Pang'ono ndi pang'ono gululi lidasanduka asilikali a chipani cha MCP, okhala ndi mabesi awo, galimoto zawo ndi mfuti zankhondo zawo, osayankha kwa mkulu wa asilikali kapena wa polisi. Funsani amayi akuluakulu a pamsika wakwanu akuuzeni za masiku omwe munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ayufi ataima pachipata. Munthu sunkatsutsa, chifukwa unkadziwa kuti kumbuyo kwa anyamatawo kuli apayoniya, ndipo kumbuyo kwa apayoniya kuli mfuti. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apanso lamulo linkagwira mlimi wobisa gogodera kudenga, n'kusiya gulu lonse la chipani lili ndi zida zankhondo.

Tsopano tiwoloke malire pang'ono, chifukwa mbiri ya mfuti kwathu kuno siimveka popanda Mozambique. Dzikoli latizungulira kummawa, kummwera ndi kumadzulo, ndipo malire athu ndi iwo ndi otalika pafupifupi makilomita 1,500. Anzanga ooda mbatatesi, kabichi ndi nyemba mukudziwa kuti cha ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali iyo Mozambique. Anthu a ku Angonia ndi a ku Ntcheu ndi Dedza amayankhula chimodzimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Malire otere sungawatseke ndi chipata.

Ku Mozambique nkhondo yomenyera ufulu idayamba mu 1964, ufulu n'kubwera pa 25 Juni 1975. Pasanathe nthawi idabuka nkhondo yapachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, yomwe idafika mpaka 1992. Mfuti yomwe idadzaza dzikolo ndi AK-47, yomwe adaipanga Mikhail Kalashnikov ku Soviet Union mu 1947. Mpaka lero ili pa mbendera ya Mozambique, pamodzi ndi khasu ndi buku. Taiyerekezani ndi gogodera uja. Kabokosi kake kamalowa zipolopolo 30, ndipo ukagwirizira chala, zonsezo zimatha m'masekondi atatu okha. Ili ndi zitsulo zochepa, siopa fumbi kapena matope, ndipo mwana wa zaka 12 atha kuphunzira kuigwiritsa ntchito, monga zidachitikira kwa ana ambiri omwe adakakamizidwa kulowa nkhondoyo. Imeneyi sadaipangire kusaka gwape kapena kuthamangitsa anyani m'munda. Ntchito yake ndi kupha anthu ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo ndicho chifukwa chake malamulo amaipatula pa mfuti zina.

Nkhondoyo idatikhudza kwambiri. Njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zidaonongeka, katundu wathu n'kumazungulira njira zazitali, mitengo ya zinthu n'kukwera. Asilikali a Malawi adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala. Anthu oposa miliyoni imodzi adathawira kuno, ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje, Mangochi ndi maboma ena. Pano ndinene mosapsatira: anthu othawa nkhondowo ambiri adabwera ndi mwana kumsana ndi kamtolo pamutu. Si iwo adayambitsa malonda a mfuti. Malonda amafuna wogulitsa ndi wogula, ndipo ogula ambiri adali a konkuno.

Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasainirana pangano la mtendere ku Rome. Bungwe la United Nations lidatumiza asilikali ake kukayang'anira kutula pansi zida. Mfuti zambiri zidasonkhanitsidwa, koma zomwe zidaphwanyidwa zidali zochepa. Zina zidasungidwa m'nyumba zosalondedwa bwino, zina mbali zonse ziwiri zidazikwirira m'tchire poopa kuti mwina nkhondo iyambiranso. Ndiye taganizirani msilikali yemwe wakhala m'tchire zaka khumi, sukulu sadapite, munda alibe, ntchito palibe, koma akudziwa dzenje lomwe muli mfuti. Kwa iye dzenjelo ndi nkhokwe. Madzi saiwala khwawa: tinjira tomwe tinkadutsa chimanga, shuga, nsomba ndi njinga ndi tomwenso tidayamba kudutsa katundu wosawolayu, kupita ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi kuno kwathu.

Pomwe izi zinkachitika, kunonso zinthu zinkasintha. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa referendamu kuti akufuna zipani zambiri. Limodzi mwa mafunso akuluakulu lidali lakuti, tipita bwanji kuchisankho chipani chimodzi chili ndi asilikali akeake? Nkhani yolanda zida apayoniya idakambidwa, koma inkangochedwa. Mu Okutobala chaka chomwecho Kamuzu Banda adapita ku South Africa kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, dziko n'kutsala m'manja mwa khonsolo ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. Kumayambiriro kwa Disembala, mkangano udabuka ku Mzuzu, apayoniya n'kuombera asilikali awiri mpaka kufa. Pa 3 Disembala asilikali adatuluka m'mabalaki n'kuyamba kuthira nkhondo maofesi ndi mabesi a apayoniya, kuyambira ku Lilongwe mpaka dziko lonse. Imeneyi ndiyo Operation Bwezani. Dzina lokhalo likunena zonse: bwezani zida.

Anthu ambiri m'matauni adaimirira m'mbali mwa msewu kukuwira asilikali. Kwa nthawi yoyamba, lamulo lakuti mfuti yankhondo ikhale ndi asilikali ndi apolisi a dziko okha lidafika pakhomo pa chipani cholamula, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidachitika popanda gulu lankhondo la chipani. Komabe tisaikometsere mopitirira. Bwezani sidayende mwa dongosolo la khoti kapena kaundula. Anthu adafa, katundu adabedwa, ndipo malipoti a nthawiyo adati apayoniya pafupifupi 2,000 adathawira ku Mozambique, ena ndi zida zawo. Kulanda mfuti mwachipwirikiti kumasiya zina zitamwazika.

Omwe mudali akuluakulu m'zaka zotsatira 1994 mukukumbuka momwe umbava wa mfuti udakulira. Mawu oti AK-47 adalowa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Eni magolosale m'matauni ang'onoang'ono, ogula fodya ndi mbewu oyenda ndi ndalama m'chikwama, madalaivala a malole, onsewa ankagona tulo ta kalulu. Mawindo adavala zitsulo, mipanda idakwera, magulu olondera usiku m'madera adayamba. Lamulo la 1967 lidalipo nthawi yonseyi. Kungoti lamulo la dziko limodzi silikwanira pamene dzenje la mfuti lili tsidya lina la msewu.

Ndiye chidathandiza n'chiyani? Pali zinthu ziwiri zomwe zidachitika ku Mozambique kuyambira mu 1995 zomwe ndikufuna muzidziwe. Choyamba ndi Operation Rachel, mgwirizano wa apolisi a South Africa ndi a Mozambique. Iwo adazindikira kuti amene akudziwa pomwe pali maenje a zida ndi anthu a m'midzi ndi asilikali akale, ndipo kuti munthu sangaulule ngati akudziwa kuti akatero amangidwa. Choncho woulula sankamutengera kukhoti, ndipo nthawi zambiri ankapatsidwa kangachepe. Zida zikapezeka ankaziphulitsa komweko. Nzeru yake ndi yomwe wamalonda aliyense amaidziwa: katundu amasowa pa ulendo. Ukanyamula mfuti 100 kupita nazo kutauni, zikafika 90. Ukaziphwanyira pomwe wazipeza, palibe yotsala yoti igulitsidwe.

Chachiwiri chidachokera ku mipingo. Bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, lidayambitsa ntchito yotchedwa kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankabweretsa mfuti, osafunsidwa dzina kapena komwe waitenga, n'kupatsidwa njinga, makina osokera, makasu, malata kapena simenti. Sankapereka ndalama, poopa kuti ndalamayo ikagulanso mfuti ina. Mfutizo ankaziduladula, ndipo amisiri a ku Maputo adaotcherera zidutswazo kukhala ziboliboli. Chimodzi mwa izo, mtengo wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zokhazokha, chidakaikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Ine monga wa geni ndimaona kuti abusawa adaimvetsa nkhaniyi kuposa ambiri. Adadziwa kuti kwa munthu wosauka mfuti ndi mpamba, ndipo munthu sataya mpamba chifukwa choti wamuopseza. Amausiya ukamupatsa mpamba wina. Njinga imanyamula makala, makina amasoka mayunifolomu, ana n'kudya.

Zomwe mayiko adaphunzira m'zaka zimenezi adadzazilemba kwathu konkuno. Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a mayiko a SADC atakumana ku Blantyre, Bakili Muluzi ali pulezidenti, adasainira pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2004. Ambiri timadutsa mu Blantyre osadziwa kuti pangano la chigawo chonse pa nkhaniyi lidabadwira momwemo. M'panganoli mayiko adalonjeza kuti munthu wamba asakhale ndi mfuti popanda malire, kuti zida zikuluzikulu zankhondo ziletsedwe kotheratu kwa anthu wamba, ndi kuti mfuti zonse za anthu zilembedwe m'kaundula mmodzi. Adagwirizana kuti mfuti izikhala ndi nambala yoti itsatidwe komwe yachokera, kuti kuilowetsa, kuitulutsa kapena kuidutsitsa m'dziko kuzifuna zikalata, ndiponso kuti apolisi a mayikowa azigawana nkhani. Adaletsa ngakhale kupinyolitsa mfuti. Adalimbikitsanso kuti zida zolandidwa ziziphwanyidwa, komanso kuti anthu azipatsidwa mpata wopereka mfuti mwa kufuna kwawo.

Mukayerekeza ndi Brussels wa 1890, zambiri zikufanana: kaundula, chidindo, chilolezo cha pa ulendo. Kusiyana kuli pawiri. Ulendo uno osaina adali eni dera. Ndiponso panganoli lidaloza chala boma lenilenilo, kuti nalonso liziwerenga ndi kusunga mosamala mfuti za asilikali ndi apolisi ake. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa pafupifupi mfuti yankhondo iliyonse yomwe ili m'manja mwa mbava idayamba ili yovomerezeka penapake, m'nyumba ya zida ya boma lina kapena gulu lomwe boma lina linkalithandiza. Si zapafupi kusula AK-47 kuseri kwa nyumba ngati mbaula.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ngati mbava zili nazo, bwanji nafenso tisaloledwe kuti tizidziteteza? Funsoli ndimalimvetsa, chifukwa ndikudziwa kuwawa kwa kutaya mpamba womwe wausonkhanitsa zaka. Koma taonani zomwe zidachitikira anansi athu. M'zaka za nkhondo boma la Mozambique lidagawa mfuti kwa magulu a anthu wamba m'midzi ndi m'malo a ntchito kuti adziteteze, ndipo zambiri sizidabwerere. Taganizirani mikangano yomwe timaiona pamsika, ya malo, ya ngongole, ya chibwenzi, ya mowa, ya mpira, ya chipani nthawi ya kampeni. Lero imathera pa chibakera kapena mwala. Muikepo mfuti yotulutsa zipolopolo 30 m'masekondi atatu, muone maliro ake.

Mbali inayo ndi yoonanso. Tikavomera kuti mfuti yankhondo ikhale ndi boma lokha, boma lili ndi ngongole kwa ife. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 adafa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Mbiri ya Nkhata Bay, ya apayoniya ndi ya 2011 ikutiuza kuti kuletsa anthu wamba ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi lakuti wonyamula mfuti m'dzina la dziko aziyankha pa chipolopolo chilichonse, ndipo chipani chilichonse, cholamula kaya chotsutsa, chisadzakhalenso ndi anyamata ake a zida.

Musaganize kuti izi ndi zakale zokhazokha. Mu 2015 ndi 2016 anthu adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza chifukwa cha kumenyana m'chigawo cha Tete. Kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kuli nkhondo, ndipo idayamba ndi kuthira nkhondo mapolisi a ku Mocímboa da Praia. Nkhondo iliyonse ikadzatha idzasiya katundu wake wofuna msika. Ndicho chifukwa chake bungwe la African Union mu 2017 lidasankha mwezi wa Sepitembala chaka chilichonse kuti ukhale woti anthu azipereka mfuti zosavomerezeka popanda kuimbidwa mlandu. Nzeru yake ndi ija ya Rachel ndi ya Bishopu Sengulane: tsegulira munthu khomo lotulukira.

Tsono kwa inu anzanga a pamsewu, madalaivala, makondakitala, akabaza, onyamula katundu pamalire ndi amayi anzanga a geni, gawo la lamulo lonena za kunyamula likukhudza ife kuposa wina aliyense. Mfuti ilibe miyendo. Kuti ichoke kudzenje kufika mutauni, pali wina amene adaikweza, wina amene adalandira ya fanta kuti asayang'ane m'thumba, wina amene adavomera mawu aja akuti "mundiperekezereko kathumbaka, wina akalandira kudepoti." Thumba lomwe simudalione m'kati musalivomere, ngakhale mtengo wake ukome bwanji. Likakagwidwa pa rodibuloko, mwini wake foni yake idzakhala yozima, ndipo wofotokoza kukhoti mudzakhala inu. Tikamadandaula kuti apolisi atichedwetsa potsitsa katundu yense, tizikumbukiranso kuti chipata chomwe chimatsegulidwa ndi chiphuphu kuti matumba athu adutse msanga chimatsegukiranso thumba la wina lomwe simukadafuna kukhala nalo m'basi imodzi.

Ine ndalemba zomwe ndawerenga ndi zomwe akuluakulu amatiuza. M'gulu lino muli ena amene mudaona Bwezani ndi maso anu, ena mudakulira ku Nsanje, Mwanza kapena Dedza nthawi ya nkhondo ya anansi athu, ena mwina makolo anu adali apayoniya ndipo muli ndi mbali ina ya nkhaniyi. Tiuzeni zomwe mudaona, kuti achinyamata a m'gulu lino azimve kwa eni ake.